Riboni Ikadulidwa, Adzalipire Ndani?

Mu 1988 World Bank inatulutsa lipoti la mmene misewu inkaonongekera m'mayiko 85 ongotukuka kumene. Akatswiri ake anapeza kuti pa zaka 20 zokha, misewu ya ndalama pafupifupi madola 45 biliyoni inali itatheratu, yofunika kuiyambanso pansi. Eni ake akanamaisamalira isanafike poipa, kumata maenje akadali aang'ono, kugwaza ngalande mvula isanagwe, kuthira phula lina pamwamba nthawi yake ikakwana, ndalama zake sizikanafika ndi madola 12 biliyoni omwe. Yambiri mwa misewuyi inamangidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pamene ndalama zomangira zinkapezeka koma zokonzera panalibe wozilabadira.

Lipotilo ndi lakale, koma nthenda imene linaloza idakalipo, ndipo imapezeka mu thandizo la mtundu uliwonse. Opereka thandizo amakonda kulipira tsiku loyamba: kontirakitala, simenti, makina, chikwangwani cha mbendera ziwiri ndi mwambo wodula riboni. Za masiku otsatira, monga malipiro a namwino, dizilo wa ambulansi, mafuta a giledala ndi penshoni ya msilikali amene watula pansi mfuti, amati zimenezo n'za boma lolandira. Boma lolandiralo limavomera n'kusaina, likudziwa bwino lomwe kuti m'thumba mwake mulibe. Ine ndikuti thandizo lililonse, kaya ndi la mlatho, la chipatala kapena la mtendere, liziyezedwa ndi funso loti adzalipire ndani m'chaka chachisanu ndi chakhumi. Ngati funsoli lilibe yankho lolembedwa, ndi manambala ake omwe, mgwirizanowo ndi katundu amene ena adzasenze, ngakhale pepala lake litalembedwa kuti mphatso.

Njanji ya TAZARA, yolumikiza Tanzania ndi Zambia, imandiwawa kuposa zitsanzo zina zonse chifukwa chiyambi chake chinali chaulemu. Ian Smith atalengeza mu Novembala 1965 kuti Rhodesia, Zimbabwe ya lero, yadziimira payokha pansi pa ulamuliro wa azungu ochepa, dziko la Zambia linapanikizika. Njanji zonse zotulutsira mkuwa wake zinkadutsa kapena kuthera m'mayiko amene anali m'manja mwa azungu. Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere anapempha mayiko olemera ndi World Bank, koma yankho linali lakuti njanji yopita ku Dar es Salaam singabweze ndalama zake. China inavomera. Inapereka ngongole yopanda chiwongoladzanja, inatumiza amisiri ake masauzande ambirimbiri, ndipo pakati pa 1970 ndi 1975 njanji ya makilomita 1,860, kuchokera kudoko la Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi, inatha nthawi imene anapangana isanakwane. Palibe anganene kuti ntchitoyo inali yopanda pake. Inapatsa Zambia popumira pa nthawi imene adani ake ankafuna kuifinya pakhosi.

Zimene zinatsatira zinadza pang'onopang'ono, moti panalibe tsiku limodzi loti wailesi n'kulengeza kuti zinthu zaipa. Mitu ya sitima ikaonongeka, masipeya kulibe. Mabogi anachepa, njanji inafooka m'malo ena moti sitima zinkangokwawa, ndipo antchito ankanyanyala ntchito atakhala miyezi osalandira malipiro. Njanji imene pachimake pake inkanyamula katundu woposa matani 1 miliyoni pa chaka inafika ponyamula wosakwana matani 100,000 cha m'ma 2015. N'zoona kuti ufulu utafika kummwera kwa Africa njira zina zinatseguka, ndipo amalonda anapeza posankha. Koma ngakhale opita ku Dar es Salaam komweko anasankha malole chifukwa sitimayo sinkadalirika, ndipo malole olemerawo anayamba kuphwanya msewu, umenenso unafuna thandizo lake. Mu Seputembala 2024 atsogoleri a China, Tanzania ndi Zambia anachitira umboni ku Beijing kusainidwa kwa mgwirizano wodzutsanso njanjiyo. Patapita zaka pafupifupi 50, eni njanji anabwerera kwa womanga yemwe uja.

Anthu a mbali zonse ziwiri amazidziwa zimenezi, kungoti ndale zimawakokera ku chinthu chatsopano. Nduna ya dziko lopereka imafuna chithunzi chokaonetsa okhoma msonkho kwawo. Mtsogoleri wa dziko lolandira amafuna choloza ndi chala pa kampeni, ndipo palibe phungu amene amaimbiridwa nyimbo chifukwa ngalande za m'dera lake zimagwazidwa chaka ndi chaka. Palinso nkhani ya kangachepe: kontirakiti imodzi yaikulu njosavuta kudyapo kusiyana ndi tintchito tambirimbiri tokonza apa ndi apo. Ndiye pali thandizo lija lobwera ndi zomangirira, loti kampani yomanga, makina ndi alangizi zichokere kudziko lopereka. Chipatala chimalandira makina a X-ray amene wowakonza ali kutsidya kwa nyanja, ndipo kachipangizo kamodzi kakafa, makina onsewo amavundikiridwa nsalu mpaka kalekale.

Amene amati Africa ikufunika thandizo longa la Marshall Plan amaiwala mfundo imeneyi. Madola pafupifupi 13 biliyoni amene America inapereka kwa mayiko a kumadzulo kwa Ulaya kuyambira 1948 anagwera kumene nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inagumula milatho ndi mafakitale koma inasiya mainjiniya, aphunzitsi, makhoti ndi maofesi otolera msonkho. Mayikowo anauzidwanso kuti akhale pansi okha alembe pulani yawo. Patatha zaka 4 thandizolo linatha, ndipo palibe chinagwa, chifukwa wolipira masiku otsatira analipo kale.

Pa nkhani ya zaumoyo m'pamene ndimasiyana ndi anzanga amene amati thandizo lonse ndi poizoni. Nthomba, imene inapha anthu pafupifupi 300 miliyoni m'zaka za m'ma 1900, inalengezedwa mu 1980 kuti yatheratu padziko lonse, mliri wake womaliza utathera ku Somalia mu 1977. Ntchito yonseyo inadya madola pafupifupi 300 miliyoni, ndipo magawo awiri mwa atatu a ndalamazo anachokera m'matumba a mayiko omwe munali matendawo. PEPFAR, pulogalamu ya America yolimbana ndi Edzi imene George W. Bush anayambitsa mu 2003, inabwera pamene Edzi inkapulula anthu kummwera ndi kummawa kwa Africa, ndipo boma la America limati yapulumutsa miyoyo pafupifupi 25 miliyoni. Munthu angatsutse nambalayo, koma ana amene anabadwa opanda kachilombo kwa amayi amene anali nako alipo, akula, ena ali ndi ana awo. Wonena kuti thandizo silinaphulepo kanthu ayambe wakawafotokozera amenewa.

Komabe matenda awiriwa amasiyana pa chinthu chachikulu. Nthomba ikatha yatha, ntchito imatsekedwa. Mankhwala otalikitsa moyo amamwedwa tsiku lililonse mpaka munthu adzamwalire. Amene wayamba kuthandiza anthu 20 miliyoni kupeza ma ARV walowa nawo pangano la moyo wawo wonse, kaya analemba kaya sanalembe. Ndipo pangano limeneli linkadalira nyumba ya malamulo ya dziko limodzi, imene akumwa mankhwalawo saivotera.

Pa 20 Januwale 2025, tsiku lomwe analumbiritsidwa, Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo lakunja la America kwa masiku 90. Patangopita masiku ochepa makalata oti ntchito ziime anafika kumabungwe padziko lonse. Pambuyo pake kunalengezedwa kuti mankhwala opulumutsa moyo apitirire, koma mankhwala sadzinyamula okha: madalaivala, olemba kaundula, alangizi ndi oyeza magazi ambiri anali atauzidwa kale kuti akhale kunyumba. Mu Malichi, nduna ya zakunja Marco Rubio inanena kuti 83 peresenti ya mapulogalamu a USAID, bungwe la thandizo la America, athetsedwa, ndipo pofika pa 1 Julayi bungwe limene John F. Kennedy anakhazikitsa mu 1961 linali litasiya ntchito. Britain, imene mu 2021 inali itatsitsa kale thandizo lake kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake, inalengeza mu Febuluwale 2025 kuti ilitsitsanso kufika pa 0.3 pofika 2027, kuti ndalamazo zipite ku zachitetezo. Lonjezo la 0.7 peresenti linavomerezedwa ku United Nations mu 1970, koma mayiko amene akhala akulikwaniritsa chaka ndi chaka, monga Norway, Sweden, Denmark ndi Luxembourg, ndi owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Akuluakulu ananena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Ena anaombera m'manja kudulidwaku, amvekere tsopano mayiko osauka aphunzira kudziimira paokha. Mawu otere ndi opepuka pakamwa pa munthu amene sakudikira botolo la mwezi wamawa. Mayi amene mankhwala ake akutha Lachisanu sangayembekeze kuti boma lake likonze kaye katoleredwe ka msonkho. Dziko lililonse lili ndi ufulu wosiya kupereka ndalama zake, koma limene lamanga ndi kuyendetsa dongosolo lonse la mankhwala kwa zaka 22 likalisiya ndi kalata ya tsiku limodzi, imeneyo ndi nkhanza.

Nawo maboma olandira asabisale kumbuyo kwa nkhanzayo. Mu Epulo 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa anasonkhana ku Abuja n'kulonjeza kuti 15 peresenti ya bajeti zawo izipita ku zaumoyo. Ndi ochepa kwambiri amene anafikapo, ndipo ambiri mwa ofikapowo sanakhalitsepo. Nduna za zachuma zinaphunzira masamu osavuta: ngati mlendo akulipira za Edzi, malungo ndi katemera, ndalama zathu zipite kwina. Kwinako nthawi zina kunali kofunikadi, nthawi zina kunali midipiti ya magalimoto ndi maulendo. South Africa, imene imadzigulira yokha ma ARV ake ambiri, ndipo PEPFAR inkalipira pafupifupi 17 peresenti ya ntchito zake za Edzi, inavulala mu 2025 koma sinagwe. Mayiko amene ankadalira alendo pa mankhwala pafupifupi onse ankangowerenga miyezi imene yatsala m'nyumba zosungiramo mankhwala.

Opereka anathandizira kuti zifike pamenepa. Poopa katangale, ndipo manthawo nthawi zambiri amakhala omveka, amamanga kaboma kawokawo pambali pa boma: ofesi yawo, malole awo, makompyuta awo, owerengera ndalama awo. Amachotsa kuunduna namwino waluso ndi wolemba mapulani wanzeru n'kuwalipira kuwirikiza kangapo, pamene otsala kuundunako amathera masabata m'mahotela, kumisonkhano ya alawansi. Ku Haiti, chivomerezi cha pa 12 Januwale 2010 chitachitika, ndalama zimene zinadutsa m'boma la dzikolo sizinakwane 10 peresenti ya thandizo limene linaperekedwa m'zaka zoyambirira, kenako anthu omwewo n'kumadabwa kuti bomalo n'lofooka. Tanzania inafika popempha opereka thandizo kuti pakhale miyezi ina pa chaka yopanda alendo, kuti akuluakulu a boma apeze mpata wolemba bajeti. Mu 2005 ku Paris opereka ndi olandira anagwirizana zosiya khalidweli, n'kudziikira zolinga 13 zoti zikwaniritsidwe pofika 2010. Chimene chinatheka chinali chimodzi.

Njira ina ilipo, ndipo yayesedwa. Bungwe la Gavi, limene linayamba mu 2000 kuthandiza pa katemera wa ana, kuyambira mu 2008 limafuna kuti dziko lolandira lizisonkhako. Losaukitsitsa lakhala likulipira masenti 20 a dola pa mlingo umodzi wa akatemera ambiri. Chuma chake chikamakula, gawo lake limakwera chaka ndi chaka mpaka tsiku limene limalipira zonse, ndipo tsikulo limadziwika kudakali zaka zingapo. Mayiko a Sri Lanka, Bhutan, Mongolia ndi Honduras anatuluka mwa njira imeneyi n'kuyamba kudzigulira okha katemera. Ena amachedwa kulipira, ena amadandaula kuti akukankhidwa msanga, ndipo nthawi zina amanena zoona. Chikhalirecho masenti 20 aja amachita zimene mphatso yathunthu singachite. Amatsegula mzere wa katemera m'bajeti ya dziko, moti nduna ya zachuma imauona chaka chilichonse, ndipo mzerewo ukasowa aphungu ali ndi pofunsira.

Kufunsa kumeneku n'kumene thandizo loyenda molakwika limapha mwakachetechete. Boma limene limayendera msonkho wa anthu ake limakakamizika kuwamvera, pamene lodalira kunja pa theka la bajeti yake limaphunzira kuopa kazembe kuposa wovota. Ku Uganda kunachitika kafukufuku wotsata ndalama zimene boma linkatumiza kusukulu za pulayimale zogulira zipangizo, ndipo akatswiri a zachuma Ritva Reinikka ndi Jakob Svensson anaonetsa kuti pakati pa 1991 ndi 1995 zofika pasukulu zinali 13 peresenti yokha. Zina zonse zinkasowera panjira, m'maofesi a m'madera. Boma linayamba kusindikiza m'nyuzipepala ndalama zimene latumiza mwezi uliwonse, ndipo sukulu zinalamulidwa kumata manambala awo pabolodi poonekera. Pofika 2001 zofika pasukulu zinaposa 80 peresenti. Panali zosintha zinanso pa nthawiyo, koma n'zovuta kukana kuti makolo ndi aphunzitsi odziwa kuchuluka kwa ndalama zawo analondera bwino kuposa mlangizi wobwera pandege kawiri pa chaka. Mpaka pano malipoti ambiri a thandizo amalembedwa m'chinenero cha wopereka n'kutumizidwa kulikulu la wopereka.

Mtendere ndiye umavuta koposa. Makamera amajambula atsogoleri awiri akugwirana chanza, basi, ntchito yeniyeni n'kutsala kwa anyamata masauzande amene sadziwa ntchito ina koma mfuti. Mozambique ikuonetsa zimene ndalama zakunja zingachite zikalowa pa nthawi yake. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo enanso pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi kokha. Zokambirana zimene zinaithetsa zinachitikira ku Rome, kwa gulu la Akatolika wamba la Sant'Egidio, kwa zaka zoposa ziwiri, mpaka Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pa 4 Okutobala 1992. Ndalama zazikulu zinabwera pambuyo, kudzachirikiza zimene eni ake anali atagwirizana kale.

Ndipo taonani zimene zinagula. Asilikali pafupifupi 90,000 a mbali zonse ziwiri atatula zida, ankalandira kandalama kwa zaka ziwiri, miyezi 6 kuchokera ku boma ndi miyezi 18 kuchokera kwa opereka thandizo, kokatengera kudera limene aliyense wasankha kukhala. Kandalamako sikanalemeretse munthu, koma kanamupatsa chifukwa chokhazikika malo amodzi, kumanga banja ndi kuyamba kudzipezera. United Nations inatsegulanso thumba la madola pafupifupi 17 miliyoni lothandiza Renamo kusanduka chipani cha ndale. Ambiri zinawanyansa, ndipo m'pomveka, poti kunali kulipira anthu amene m'manja mwawo munali magazi. Koma chisankho cha Okutobala 1994 chinachitika, ndipo Renamo italuza inakalowa m'nyumba ya malamulo. Ku Angola, kumene anathamangira chisankho cha 1992 asilikali asanatule zida mokwanira, Jonas Savimbi, mtsogoleri wa gulu lomenyana ndi boma, anakana zotsatira, nkhondo inayambiranso, ndipo sinathe kwenikweni mpaka 2002.

Ngakhale ku Mozambique komweko funso la masiku otsatira linadzabweranso. Asilikali akale a Renamo ankadandaula kuti anasiyidwa opanda penshoni pamene anzawo a boma ankalandira. Dandaulo limeneli, pamodzi ndi mikangano ya zisankho ndi kagawidwe ka chuma, linachititsa kuti mfuti zilirenso m'chigawo chapakati mu 2013. Panafunika pangano lina mu Ogasiti 2019, la pulezidenti Filipe Nyusi ndi mtsogoleri wa Renamo Ossufo Momade, ndipo msasa womaliza wa Renamo unatsekedwa mu Juni 2023, boma litavomereza kuika asilikali akalewo pa penshoni. Zaka zoposa 30 chisainireni ku Rome, mtendere unkadikirabe mzere wake m'bajeti.

Kumene eni dziko sanagwirizane, ndalama zimangokulitsa cholimbirana. America inathira madola pafupifupi 145 biliyoni pomanganso Afghanistan m'zaka 20, malinga ndi ofesi yake yofufuza ya SIGAR, ndipo World Bank inkawerengera kuti magawo atatu mwa anayi a ndalama zoyendetsera dzikolo ankachokera kunja. M'kaundula munali mayina a asilikali amene kunalibe, malipiro awo akudyedwa ndi akuluakulu. Ndege zankhondo zinkadalira amakaniko akunja, ndipo amakanikowo atachoka zinayamba kuima imodzi imodzi. Kabul inagwa pa 15 Ogasiti 2021. South Sudan inalandira ufulu pa 9 Julayi 2011 ili yodzaza ndi alangizi ophunzitsa maunduna kulemba mapulani, mkangano wa pulezidenti Salva Kiir ndi wachiwiri wake Riek Machar ndi magulu awo a asilikali uli chikhalire. Mu Disembala 2013 nkhondo inabuka.

Wina andifunsa kuti, nanga dziko losaukitsitsa, limene silingathe kulipira namwino lero ngakhale mawa, lisamangiridwe chipatala? Funsoli ndi lolemera. Alipo mayiko amene kwa m'badwo wathunthu sangakwanitse okha, ndipo pali ngozi, monga njala, chivomerezi ndi othawa nkhondo, zimene munthu safunsa za chaka chakhumi. Koma ngati dziko lili losauka chotero, wopereka anene poyera kuti adzalipira malipiro ndi mankhwala kwa zaka 15, gawo lake likumachepa pa mlingo wodziwika, ndipo amange zipatala zitatu zimene zidzayende m'malo mwa khumi zimene zidzakhale zopanda madzi ndi magetsi. Chimene sindivomereza ndi pulojekiti ya zaka zitatu yolimbana ndi vuto la zaka 30, yokhala ndi kandime kamodzi kumapeto konena kuti boma lidzapitiriza.

Botswana inayambira pansi kuposa mayiko ambiri amene lero amati sangathe. Pa ufulu wake mu 1966 inali ndi misewu ya phula ya makilomita pafupifupi 12, ndipo pafupifupi theka la ndalama zoyendetsera boma linkachokera ku Britain. Pulezidenti Seretse Khama ndi wachiwiri wake Quett Masire anakhazikitsa zoti pulojekiti iliyonse, kaya ndalama zake n'za ndani, ikhale ya m'pulani ya chitukuko yovomerezedwa ndi nyumba ya malamulo, ndipo unduna wa zachuma uziwerengeratu zimene idzadye ikadzatha kumangidwa. Thandizo losagwirizana ndi pulaniyo ankatha kulikana. Pofika 1973 boma linali litasiya kudalira Britain pa ndalama za tsiku ndi tsiku. Inde, miyala ya dayamondi ya ku Orapa inathandiza kwambiri, koma Sierra Leone ndi Angola nakonso kunali dayamondi.

Kudzilipirira kumafuna msonkho, ndipo apa mayiko olemera ali ndi mlandu wina umene sakonda kuukamba. Mayiko a mu Africa amatolera msonkho wa pafupifupi 16 peresenti ya chuma chawo, pamene mayiko olemera a m'bungwe la OECD amatolera pafupifupi 34. Mbali ina ya kusiyanaku ndi umphawi weniweni. Mbali ina ndi maboma oopa kukhometsa anzawo olemera, amene amakhululukira msonkho makampani a migodi n'kumafinya amalonda ang'onoang'ono. Koma bungwe la United Nations loona za malonda, la UNCTAD, linawerengera mu 2020 kuti madola pafupifupi 88.6 biliyoni amatuluka mu Africa chaka chilichonse mozemba, ndipo ndalama zotere sizikabisidwa m'mayiko osauka. Bungwe lomwelo linati anthu 3.3 biliyoni amakhala m'mayiko amene amathera ndalama zambiri pa chiwongoladzanja cha ngongole kuposa pa maphunziro kapena zaumoyo. Zambia italephera kubweza ngongole mu Novembala 2020 inatha zaka zoposa zitatu ikukambirana ndi okongoza. Dziko lolemera limene likufunadi kuchepetsa thandizo popanda kupha anthu lingayambe ndi kutsegula mabuku a mabanki ake ndi kufulumizitsa zokambirana za ngongole.

Kumbali ya olandira, chida chili kale m'manja mwa aphungu. M'mayiko ambiri malamulo amafuna kuti ngongole zakunja zivomerezedwe ndi nyumba ya malamulo, koma zimadutsa mothamanga, aliyense akungoyang'ana ngati msewuwo udutse kwawo. Mozambique inaona zimene zimachitika nyumbayo ikalambalalidwa. Mu 2016 kunaululika kuti boma linaimira ngongole za makampani atatu, zonse pamodzi pafupifupi madola 2 biliyoni, aphungu asanavomereze. Opereka anaimitsa thandizo la bajeti, ndalama ya metical inagwa mphamvu, ndipo amene anavutika ndi anthu amene sanaonepo ngakhale senti ya ngongolezo. Komiti ya aphungu yoona za chuma ingathe kubweza pepala lililonse, la ngongole kapena la mphatso, limene silikuonetsa malipiro, mafuta, masipeya ndi zokonzera za zaka khumi, pamodzi ndi dzina la unduna umene udzalipire. Nduna idzadandaula kuti opereka achoka ndi ndalama zawo. Ena adzachokadi. Ambiri adzangobwerera kuofesi kukawonjezera tsamba limenelo, chifukwa manambala ake mainjiniya awo ali nawo kale.